Nkhope Yanga Inapola, Banja Linadwala

1

"Inu, matenda a khungu amene angandikanike ine sanabadwe. Mukufuna umboni? Kaoneni nkhope ya mayi akunyumba."

Mawu amenewa ndinawamva ndili kuseri kwa mpanda wa kalabu ya pa esiteti, Loweruka lina masana, nditapita kukasiya makiyi a nyumba. Wolankhulayo anali amuna anga, a Gordon Kayira, amene esiteti yonse ya tiyi inkawatchula kuti adokotala. Pepala lawo la ntchito linkati ndi wothandizira pa kiliniki. Koma pepala sililankhula, pomwe a Gordon ankalankhula.

"Munawapatsa chiyani, adokotala?" anafunsa kalaliki wina wa kufakitale.

"Mankhwala angaanga. Ndinasakaniza ndekha. Azungu akadzawatulukira, adzandiba ine ndi botolo lomwe."

Anzawo anaseka, wina n'kuitanitsa mowa wina. Ine ndinagwira chibwano changa, chimene chinali chosalala koyamba pa zaka zambiri, n'kubwerera kunyumba makiyi ali m'manja. Mankhwala awowo ndinkadziwa kumene anali: pansi pa bedi la ana, m'dengu lakale lothyolera tiyi, mabotolo ali chitsekere.

Dzina langa ndine Teleza, kwathu ndi kwa Khwethemule konkuno ku Thyolo. Lero m'mutu muli imvi, ndiye manyazi anachepa. Zimene ndikuuzenizi zinachitika mu 2004, ndipo zinatsala pang'ono kundilanda ana anga.

2

Ziphuphu za atsikana mumazidziwa: lero zatuluka, mawa zaphulika, mkuja zaiwalika. Zanga sizinali zimenezo. Zinandiyamba ndili kale mayi wa ana awiri, Jean ndi Angella, ndipo zinkamera pansi pa khungu ngati mbatata, kuchokera pachibwano kutsata nsagwada mpaka kukhosi. Zinalibe mutu woti n'kufinya. Zinkapweteka ndikamatafuna, ndikamaseka, ngakhale ndikagonera mbali imeneyo. Ndikatsala pang'ono kupita kumwezi zinkabwera zonse pamodzi ngati aganyu a nyengo ya mvula. Zikamachoka zinkasiya zipsera zakuda, ndipo zisanafike patali zina zinali zitalembedwa kale ntchito.

Masiku amenewo munthu akangotuluka kanthu pakhungu, anthu ankayamba kumupima ndi maso. Pa msika wa tsiku la malipiro, pamene ndinkagulitsa kaunjika, amayi ankandipatsa moni akuyang'ana chibwano.

"Mwadzuka bwanji, mayi adokotala?"

Ndikangotembenuka: "Zayambatu. Ndi zomwezi, amwali."

Ena ankati ndimadzola mafuta oyeretsa khungu. Ena ankati alipo anandiponyera. Kwaya ndinasiya, chifukwa oimba amaima kutsogolo. Duku ndinayamba kumanga mpaka pachibwano ngati wodwala dzino, ndipo dzanja langa silinkachoka kumaso, kusisita, kufufuza, kuwerenga zatsopano.

Koma yankho lomaliza linali ndi alamu anga a Vera, mlongo wawo wa a Gordon, amene ankaphunzitsa ku Bvumbwe. Kwawo ndi ku Rumphi, kumene anandilowola ndi ng'ombe, kumene ana ndi a bambo ndipo mwana wamwamuna ndiye mzati. Ine ndinabereka atsikana awiri n'kuima.

"Mlamu, amenewa ndi magazi a mwana amene akukana kubwera," ankatero a Vera. "Chiberekero chikatsekeka, zoipa zimatulukira kumaso. Ndiye dzina la adumbu anga lifere m'tiyi muno?"

Adumbu ndiye kuti mlongo, pachikwawo. Ankabwera ndi mizu yonyika m'botolo la sikwashi, yakuda ngati madzi a m'chithaphwi, n'kuima pomwepo mpaka nditameza. Kuwawa kwake kunkafika m'makutu. Ndinamwa chaka ndi chaka.

Nthawi zonsezo a Gordon ankakhala pampando wawo, pansi pa masetifiketi, nyuzipepala itaphimba nkhope. Setifiketi imene ankainyadira kwambiri inali ya maphunziro a zakulera ku Zomba, mu 1997, Angella ali kumsana. Kumeneko anabwerako ndi ambulera, malaya olembedwa mawu pachifuwa, komanso kayendedwe kotang'adza. Anati anagwa panjinga. Mlendo aliyense ankamuimika kutsogolo kwa pepalalo.

"Pa amuna onse amene tinali kumeneko, aphunzitsi anaimiritsa ine ndekha kuti anthu andiombere m'manja."

Chimene anawaombera m'manja sindinafunse. Mkazi wa munthu wotchuka amatopa kufunsa.

3

Sindinganame kuti amuna anga sanayesetse. Anandipaka mankhwala a pepo aja a zilonda, ndinayenda ngati biringano. Anandibaya jekeseni. Pomaliza anadzitsekera mu kiliniki n'kutuluka ndi chinthu chachikasu chonunkha mazira owola. Nditachidzola kawiri khungu linasupuka ngati la mbatata yootcha.

"Ndiye kuti akugwira ntchito," anatero.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "Bambo a Jean, ndamva kuti kuchipatala chachikulu ku Blantyre kuli madokotala a khungu lokhalokha."

Nyuzipepala inatsika pang'onopang'ono. "Mukufuna anthu anene chiyani, mayi a Jean? Kuti mkazi wa telala akukasoketsa kwina?"

"Anganene kuti telalayo amamumvera chisoni mkazi wake."

"Nkhani yatha."

Nyuzipepala inakweranso. Koma kwa ine nkhani inali itangoyamba. Mwezi uliwonse ndinkapita kale ku Limbe kukatenga belo la kaunjika, ndipo kuchoka ku Limbe kukafika ku Blantyre ndi minibasi imodzi. Ndinayamba ndadutsa kuchipatala cha paboma, kumene namwino wina wachilendo anandilembera kalata yopita nayo ku Blantyre osandifunsa kuti ndine mkazi wa ndani.

Tsiku la ulendo kunali chiperoni, mizere ya tiyi ikungooneka mitu m'nkhungu. Mu minibasi mpando ndinaupeza, koma mtima sunakhale pansi. Titafika pa Bvumbwe, ogulitsa matimati ndi kabichi atazinga mawindo, ndinawerama ngati ndagwetsa ndalama, kuopa kuti a Vera angatulukire. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandigwedeza.

"Achemwali, ngati mukusanza nenani, atsegule chitseko."

4

Dokotala wa khungu anali mayi wamfupi, wa zala zozizira. Anandichotsa duku yekha, n'kundipendeketsa mutu cha kuwindo. Pa zaka zonsezo, ndiye munthu woyamba amene anayang'ana nkhope yanga osaoneka kuti akundikonzera maliro.

"Zimakula mukatsala pang'ono kusamba?"

"Eya."

"Mwadzolapo chiyani?"

Ndinatulutsa botolo la a Gordon. Ananunkhiza, maso n'kulengeza misozi.

"Amene anakupatsani izi, munamulakwira chiyani?"

"Ndi amuna anga."

"Pepani," anatero, n'kulitseka mwamphamvu.

Anandipima magazi, ine nditavomera, ndipo matenda amene amayi a pamsika anali atandipeza nawo sanapezeke. Kenako anandifotokozera mosathamanga. Si ufiti, si uve, si chiberekero chotsekeka. Ndi mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timayendetsa mwezi wa mkazi. Mwa amayi ena timachititsa khungu kutulutsa mafuta ambiri, timabowo n'kutsekeka, n'kutupira mkati. Anandipatsa makapisozi a miyezi ingapo ndi kirimu, n'kundiletsa kufinya.

Zinachepa, koma mwezi ukakwana zinkabwerabe, ngati abale a mwamuna. Nditapitanso, dokotala anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anafunsa ngati ndimasuta kapena kudwala mutu waching'alang'ala, kenako anaika patebulo kapaketi ka timapilitsi tondandalikidwa m'mizere.

"Awa mukuwadziwa?"

Mkazi wa mwini setifiketi ya ku Zomba angalephere? "Ndi olera."

"Ndi olera, inde. Koma amakhazikanso pansi mahomoni amene akukuvutaniwa. Funso ndi lakuti, mukufuna mwana panopa?"

"Akuchimuna akufuna," ndinatero. "Ine ndikufuna kukukuta chimanga osalira."

Sanaseke. "Mukawauze amuna anu."

"Ndikawauza."

Sindinawauze. Kuwauza za mapilitsi kunali kuwauza za dokotala, ndipo kuwauza za dokotala kunali kugwetsa telala. Mumtima ndinadzikhululukira motere: zaka zonsezi pathupi palibe, ndiye kukhoma chitseko cha nyumba imene simulowa munthu n'kulakwira ndani?

Mapilitsiwo ndinawabisa m'chitini cha masamba a tiyi. Panalibe malo ena otetezeka kuposa amenewo, chifukwa a Gordon, pakati pa minda yonse ya tiyi ija, ankamwa khofi. Ankati tiyi ndi wa anthu wamba. Botolo lawo lachikasu likabwera ndinkathokoza mwaulemu, n'kukaliika m'dengu pansi pa bedi la ana.

5

Miyezi itapita, nkhope inabwerera mwini wake. Ndinamasula duku. Ndinabwerera ku kwaya, mzere woyamba. Amayi a pamsika anasintha nyimbo: tsopano ankati munthu sasalala chonchi popanda womusalalira.

A Gordon anayamba kuyenda ngati apatsidwa esiteti. Ndi nthawi imeneyo ndinawamva ku kalabu kuja, ndipo posakhalitsa anayamba kulonjeza anzawo mabotolo a akazi awo. Ine tulo tinachepa. Ndinkati ndinena mawa, mawa likafika ndinkati akhute kaye.

Linafika tsiku limene ndinali ku Limbe, kunyumba n'kubwera wachiwiri kwa manijala kudzafunsa za mwana wake wodwala. A Gordon, pofuna kuonetsa kuti ndi bambo wamakono, analowa okha kukhitchini kukapanga tiyi.

Nditafika madzulo ndi belo langa, ndinawapeza pampando wawo, nyuzipepala palibe. Patebulo panali kapaketi kaja.

"Ndi ndani?" anafunsa.

"Ndani uti?"

"Mwamuna wako wa ku Limbe."

Chikwatiranireni anali asananditchulepo kuti iwe. Ndinatula belo, n'kuwauza zonse: namwino, chipatala, dokotala wa zala zozizira, mahomoni. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka kuseka kopanda mano.

"Mapilitsi olera a ziphuphu? Ukundiphunzitsa ine mankhwala? Nkhope imeneyo ndinachiza ndine, esiteti yonse ikudziwa!"

"Tiyeni limodzi ku Blantyre mukamve nokha."

"Ine ndikaime pamzere ndi odwala? Lamulungu kubwera ankhoswe. Iwe uzikalongedza za kwa Khwethemule. Ana anga akupita ku Rumphi."

Taonani, owerenga, mmene mutu wa munthu umagwirira ntchito. Kwa a Gordon kunali kosavuta kukhulupirira kuti mkazi wawo ali ndi mwamuna wina kusiyana n'kuti ali ndi dokotala wina.

Masiku otsatirawo sindinkatha kukhala pansi. Ndinachapa zochapa kale. Ndinkaluka Angella tsitsi, kumasula, kulukanso, mpaka mwana anati, "Amama, mutu wanga watopa." Ng'ombe zinapita kalekale kwathu, ndipo ndinkadziwa lamulo la kwawo: mkazi akapezeka wolakwa amachoka ndi chitenje chake, ana amatsala.

6

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinakhala pakhonde. Kwathu kunabwera malume anga a Malizani, panjinga, thalauza atalimanga ndi mphira m'akakolo. Kuchimuna kunabwera a Vera. A Lackson, mkulu wa mpingo, anakhala pakati ngati mboni. Ana tinawatumiza kutali. Akazi a nyumba zoyandikana anayamba kusesa mabwalo amene anali atasesa kale m'mawa.

A Gordon anavala tayi. Anaimirira, kapaketi kali m'manja, n'kufotokoza mlandu ngati akuphunzitsa kalasi: maulendo a ku Limbe, nkhope yowala, mapilitsi obisika. "Pachipatala timati zizindikiro zitatu zikakumana, matenda apezeka. Apa pali chigololo."

Ine ndinanena zanga monga ndinawauzira iwo. A Malizani ankangoyang'ana nsapato zawo.

Kenako a Vera anatsegula chikwama, n'kutulutsa botolo la sikwashi lodzaza mizu ija, n'kuliika patebulo kuti gu!

"Onani, a Lackson. Ine kuvutika, kuyenda mpaka kwa Chimaliro kusaka mankhwala kuti mlamu wanga abereke. Kani iye akumeza zotseka! Mlandu ndi umenewu. Watimana mwana wamwamuna."

"Mlandu ndi chigololo," anatero a Gordon.

"Adumbu, chigololo mwachiona pati? Mwamugwira ndi ndani? Munthuyu akutsekera inu, basi."

"Vera, ine ndine wachipatala. Ndikudziwa chimene ndikunena."

"Nanenso ndine mphunzitsi, ndimadziwa kuwerenga! Mkazi ali ndi mwamuna m'nyumba, akumwa zolera. Akulera kuopa ndani? Si inu?"

"Si ine!"

"Bwanji si inu?"

"Chifukwa angatsekere ine chiyani pamene ine ndinatseke..."

A Gordon anadzigwira pakamwa. Matsache onse anaima. Kunangomveka fakitale ikung'ung'uza kumunsi.

A Malizani anadzutsa mutu koyamba. "Pitirizani, a Kayira. Tabwera patali."

A Gordon anakhala pansi. Anamasula tayi. Anayang'ana pakhomo, kumene setifiketi ya ku Zomba inkaonekera pakhoma, ndipo ine ndinaiyang'ananso, n'kukumbukira ambulera ija, ndi njinga imene inagwetsa munthu osamusupula ngakhale chigongono.

"Aphunzitsi anafunsa," anayamba ndi mawu aang'ono, "kuti ndi bambo uti wolimba mtima amene angakhale chitsanzo pa njira yotseka ya abambo. Ine ndinakweza mkono." Anayang'ana pansi. "Ndinkayesa tikhala ambiri."

"Adumbu," a Vera ananong'ona, "munatseketsa? Mu 1997?"

"Anandiombera m'manja holo yonse. Nditafika kuno ndinaona kuti kwathu sakandiombera."

"Ndiye ine ndinkamwetsa mwana wa eni mizu, inu mukuwerenga nyuzi?"

A Gordon anayamba kupinda tayi yawo.

Ndinkayembekeza kuti ndilira. M'malo mwake ndinamva kuwawa kuja kukukwera kuchokera m'mimba mpaka m'makutu, kwa zaka zonse zija pamodzi. Ndinalowa m'chipinda cha ana, ndinakoka dengu lija, n'kudzalitula pakati pa anthu. Mabotolo achikasu anagundana, onse odzaza mpaka m'khosi.

"Mankhwala amene anachiza nkhope yanga ndi awa," ndinatero. "Amagwira ntchito bwino akakhala pansi pa bedi."

Kuseri kwa mpanda wina anatsamwa.

7

A Malizani sanakondere. Anati inenso ndinalakwa kubisa, ndipo ndinavomera, n'kupepesa. "Koma kwathu," anapitiriza, "dzina la mkazi likadetsedwa pagulu, limatsukidwanso pagulu. Apa pagwa mbuzi."

A Lackson anavomereza ndi mutu. A Gordon anavomera msangamsanga, ngati munthu amene wapeza khomo lothawira.

"Mbuzi mudye ndinu, malume," ndinatero. "Ine ngongole yanga ndi ina."

Ndinatenga kapu kukhitchini, yaikulu ija ya khofi, n'kuiika pafupi ndi botolo la a Vera.

"Bambo a Jean, zaka zonse zija ndinkamwera inu. Sindikupempha zonse. Kapu imodzi yokha."

Amene anatsegula botolo anali a Vera. Anathira okha mpaka kapu inasefukira. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kugwada pasimenti ndi diresi lawo la kutchalitchi.

"Mlamu, ndinakulakwirani."

Ndinawadzutsa. Iwo ananamizidwa ngati ine ndemwe.

A Gordon ananyamula kapu, anainunkhiza. "Pachipatala timati mankhwala osadziwika muyezo wake..."

"Ingomwani, adokotala," anatero a Lackson.

Anamwa. Pakati anaima, maso atafiira, khosi likukana, koma a Vera anali ataima pambali pawo ndi manja m'chiuno monga ankaimira pa ine. Anamaliza mpaka nsenga. Kenako a Malizani anawalozera kumpanda, kumene matsache anali chiimire.

A Gordon anaimirira, n'kukweza mawu. "Mkazi wanga sanachite chigololo. Ndinamunamizira."

"Zatsala," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati akupempha kapu yachiwiri m'malo mwake. Ndinawalozeranso kumpanda.

"Ndipo nkhope yake," anatero, "sindinachize ndine."

Pa mawu awiri aja, amene anawatuluka ndi thukuta anali achiwiriwa.

8

Ana sanapite ku Rumphi. Mabotolo tinakhuthulira m'chimbudzi tsiku lomwelo, ndipo mphemvu zinasamuka. Ulendo wotsatira wa ku Blantyre a Gordon anandiperekeza, ananyamula chikwama changa, anaima pamzere ndi odwala. Titalowa anauza dokotala kuti iwonso ndi a ntchito yomweyo. Mayi uja anawayang'ana, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Ndinu aja a botolo?" Ulendo wonse wobwerera sanalankhule.

Tikadali limodzi. Zipsera zina zilipo m'nsagwada, ndipo sindizibisa.

Inu amene mukuwerenga muli ndi duku pachibwano, musadikire kuti amayi a pamsika akupezereni matenda. Madokotala a khungu alipo, ndipo ziphuphu za munthu wamkulu si temberero. Koma mukapatsidwa mankhwala, kaikeni patebulo, osati m'chitini. Ine ndinabisa kanthu kakang'ono pofuna kusunga ulemu wa mwamuna, osadziwa kuti iye akubisa chachikulu pofuna kusunga ulemu womwewo, ndipo pakati pa zinsinsi ziwirizo panali ana anga.

Setifiketi ya ku Zomba ikadali pakhoma. Alendo akafunsa za iyo, a Gordon amangoti, "Ndi yakale imeneyo," n'kuwafunsa ngati amwe tiyi.